Munda wa Mumlengalenga

Olipa atatsika minibasi pa Chinyunyu Lachisanu masana, anadabwa kuona kuti palibe amene anathamangira basiyo. Masiku onse azimayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ankapanikizana pa mawindo ndi mabeseni a nthochi, mbatata ndi mtedza. Tsiku limenelo onse anali ataunjikana pa thebulo la mayi ake, a Estina, mitu pamodzi, misana kumsewu. Pakati pa milu ya mbatata panali kawailesi ka sola, ndipo m'kawailesimo munkatuluka mawu amene Olipa ankawadziwa kuyambira ali wakhanda.

"...tiperekanso moni kwa ba Dennis a pachigayo, ndi akazi awo, ndi apongozi awo amene abwera kudzacheza. Ino ndi Nthunzi FM, wailesi yanuyanu, kuno kwathu ku Rufunsa!"

Anali amalume ake, a Silas.

"Olipa, bwera umve!" anafuula mayi ake, nkhope ili ngwee. "Amalume ako alowa mu wailesi!"

"Ayamba nthawi yanji, amayi?"

"Kale! Amaliza kale kupereka moni kwa kwaya yonse ya kutchalitchi."

"Chete imwe," anatero a Prudence, mayi wogulitsa tomato, atakweza dzanja. "Manje afika pa mzere wathu. Akatchula Beauty, wotsatira ndine."

Olipa anaponya chikwama pa milu ya mbatata nayamba kuthamanga. Anadutsa pafupi ndi akasupe otentha, pamene nthunzi inkafuka m'maudzu, nakwera kaphiri ka kuseri kwake. Pamwamba pake panali nyumba ya njerwa imene kale inali nkhokwe ya chimanga ya a Silas. Tsopano inali ndi utoto woyera, magalasi a sola padenga, ndi mlongoti wachitsulo pambali.

M'katimo a Silas anali atakhala patsogolo pa maikolofoni atavala jekete la ku ukwati, pepala la maina lili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali a Kingsford, bambo wokonza mafoni ndi mawailesi, amene anaika makina onse m'nyumbamo. Olipa sanapereke moni. Anapita pakona pamene panali thiransimita, bokosi lachitsulo limene limaponya mawu mumlengalenga, nakanikiza swichi. Kanyali kofiira kanazima.

"Ndi moni kwa ba Beauty, komanso ba Pru—" A Silas anaona kanyaliko. Anatembenuka pang'onopang'ono. "Wachita chiyani, mwana iwe?"

"Amalume, ndani wakuuzani kuti muyatse?"

"Wandiuza? M'nyumba yanga? Makina ogula ine?"

"Ine ndinawauza kuti tidikire," anatero a Kingsford akuyang'ana nsapato zawo.

"Munawauza uku mukulumikiza mawaya, ba Kingsford?"

A Kingsford anapitiriza kuyang'ana nsapato.

Kwa zaka ziwiri Olipa anali akuthamangira laisensi ya wailesiyi. Atamaliza maphunziro a utolankhani ku Lusaka anabwerera kwawo, napeza kuti anthu a ku Chinyunyu ankadziwa bwino misewu ya mumzinda imene yadzaza magalimoto m'mawa, koma uthenga wa maliro a mudzi woyandikana nawo unkawapeza pa njinga, nthawi zina mtembo utaikidwa kale. Analembetsa kampani. Analemba ndondomeko ya mapologalamu ola ndi ola, ena m'Chinyanja, ena m'Chisoli. Anayenda sitolo ndi sitolo mpaka ku Mpanshya kutenga makalata a amalonda olonjeza kudzalengeza katundu wawo, chifukwa wailesi yamalonda imadya zimenezo. Anakhala pamaso pa anthu asanu ndi awiri a bungwe lopereka malaisensi, nayankha mafunso kwa ola lathunthu.

Mapeto ake bungwelo linam'patsa kalata yomuloleza kumanga situdiyo ndi kuimika mlongoti. Mzere womaliza wa kalatayo unali wodulidwa kunsi: asaulutse mawu ngakhale amodzi kufikira oyendera atabwera, ndi kufikira atapatsidwa nambala yake ya pa wailesi. Malo a wailesi yamalonda m'boma la Rufunsa anali amodzi okha, ndipo ofunsira anali awiri: Nthunzi FM ndi kampani ina ya ku Lusaka.

M'mawa wa tsiku lomwelo, mu ofesi ya bungwelo, Olipa anali atasaina pepala lomaliza lotsimikiza kuti makina ake sanaulutsepo kanthu. Pamene ankasaina, zinali zoona.

"Khala pansi ndikuuze," anatero a Silas. "Lachitatu anthu a kampani ya ku Lusaka ija anaoneka pa phiri la ku boma, akuyeza ndi matepi. Oyendetsa minibasi anawaona. Iwe uli kalikiliki ndi mapepala, anzako akuyeza phiri. Udziwa mmene ndinapezera munda wanga?"

Olipa ankadziwa. Aliyense pa Chinyunyu ankadziwa. A Silas anachokera ku Petauke ali mnyamata, ndi nkhwangwa ndi bulangete. Anawalozera thengo lakuti alime, koma zinadziwika kuti thengo lomwelo linali litalonjezedwa kale kwa munthu wina, amene anapita kukatenga banja lake. A Silas sanakangane naye. Anadula mitengo, natentha, naunda mizere mvula isanagwe. Mlandu utafika pabwalo, akuluakulu anafunsa funso limodzi: mizereyi ndi ya yani? Munthu uja anakafuna malo kwina.

"Malo amakhala a amene waunda mizere," anatero a Silas, akugogoda thebulo ndi chala. "Oyendera aja akabwera, apeze kuti pano palimidwa kale. Lero lokha talengeza maliro amodzi, ng'ombe yosochera, ndi moni wa anthu oposa makumi asanu. A ku Lusaka awo alengeza chiyani? Matepi?"

"Mumlengalenga si thengo la ku Chinyunyu, amalume. Muli malire, kungoti simuwaona. Mwaulutsa pa nambala iti?"

"Ndinasankha pamene panali zii," anayankha a Kingsford.

"Panali zii kuno. Kuseri kwa mapiri mudziwa kuti pali ndani? Mwina mwaunda mizere yanu pakati pa chimanga cha eni."

A Silas anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi. Olipa anatenga buku la pathebulo. Linali buku limene iye mwini analamula kuti chilichonse chochitika ndi makina chizilembedwamo, ngakhale kupukuta fumbi. A Kingsford, munthu wosamala, anali atalemba ndi dzanja lawo labwino: "Tayatsa, 14:05." Olipa anayang'ana wochi yapakhoma nalemba pansi pake: "Tazimitsa, 14:52."

"Mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri," anatero. "Kalata ija inati ngakhale mawu amodzi. Akadziwa, atha kulanda makinawa ndi kutaya mapepala athu onse."

A Silas anaimirira. Kenaka anavula jekete.

"Ndiye asadziwe," anatero. "Mawu alibe mapazi. Mphepo yatenga kale. Ng'amba tsamba limenelo."

"Sinding'amba."

"Bweretsa kuno."

Olipa analikumbatira bukulo pachifuwa. "Dzina limene lili pa mapepala onse aja ndi langa. Lero m'mawa ndasaina kuti sitinaulutsepo. Ndiwalembera kalata ndiwauze zimene zachitika."

"Ukadzitengere wekha kwa okumanga? Unaona kuti mbuzi yopita yokha ku butchala?"

"Ndiwalembera, amalume."

"Lemba," anatero a Silas akutuluka. "Ukalemba, ufune nyumba ina ndi makina ena. Uulutsire m'chitini."

Madzulo amenewo a Estina anasenda mtedza wambiri kuposa umene unkafunika. Ankasenda akuyankhula, osayang'ana mwana wawo.

"Ndi mlongo wanga, Olipa. Bambo ako atamwalira, anatipatsa malo ano ndani? Munthu wamkulu sumutsutsa pamaso pa anthu. Ndipo analakwa chiyani? Anthu anakondwa. Ine ndinamva dzina langa."

"Ndikanama kuti nditenge laisensi, amayi, tsiku loyamba ndidzauza anthu chiyani? Kuti nazi nkhani, zikhulupirireni?"

"Nkhani ndi nkhani, mapepala ndi mapepala."

"Pakamwa ndi pamodzi."

A Estina anaponya makoko m'lichero mwamphamvu.

Kumsewu Loweruka kunali koipirapo. Olipa atapita kukathandiza mayi ake, azimayi anam'landira ndi maso okha. A Prudence ndiwo sanathe kupirira.

"Uyo wafika, mwini wa mphepo! Iwe, zaka makumi anayi ndi zitatu ndili padziko pano, dzina langa silinalowepo mu wailesi. Dzulo linalowa theka. Pru! Ndine Pru ine? Mwamuna wanga akundiitana Pru kuyambira dzulo, ndi ana omwe."

"Pepani, ba Prudence. Lidzalowa lonse tsiku lake likakwana."

"Awe, sukulu yakulowa m'mutu. Wailesi ikulira bwinobwino, iwe uti tidikire pepala. Pepala limayankhula?"

Anzawo anaseka. Olipa anakonza milu ya mbatata, inayi inayi, osakweza mutu.

Lamlungu atachoka kutchalitchi anakhala pansi pa mtengo wa mango nalemba kalata pa foni. Sanaitalikitse. Anatchula tsiku, nthawi, nambala imene a Kingsford anasankha, ndi zimene zinalengezedwa. Sanalembe kuti iye kunalibe, ngakhale chala chinafuna kutero kangapo. Analemba kuti kampaniyo ndi imene inalakwa, ndipo iye ndiye woiyendetsa. Anajambula tsamba la buku lija naliphatikiza. Lolemba m'mamawa anaima m'mbali mwa msewu, pamene netiweki imagwira bwino, natumiza.

Kenaka anakopera kalatayo pa pepala ndi dzanja, napita nayo kusitolo ya amalume ake, kumene ankagulitsa misomali, malata ndi mbewu.

"Amalume, iyi ndi kalata imene ndatumiza. Muwerenge."

A Silas sanam'yang'ane. Ankayeza misomali ya kasitomala pa sikelo. Anatenga pepalalo, nalipinda ngati fanulo, nathiramo misomaliyo, nalipereka kwa kasitomala.

"Ana a masiku ano," anauza kasitomalayo, "amaopseza ndi mapepala."

Chibadwire a Silas sanawerengepo pepala lililonse la Olipa, ngakhale kalata ya mzere wodulidwa kunsi ija. Ankati mapepala ndi ntchito ya mwanayo, yawo ndi njerwa ndi zitsulo. Motero anakhulupirira kuti mphwawoyo wangowaopseza, ndipo masabata awiri otsatirawo anagwira ntchito ina. Anayenda kwa a Kingsford, kwa akwaya, kwa ba Dennis a pachigayo, ndi kwa azimayi a kumsewu, kuwauza onse chinthu chimodzi: alendo akafunsa, palibe amene anamva kanthu.

Oyendera anabwera Lachinayi m'mawa pa galimoto yoyera. Wamkulu wawo anali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake a Harriet, wosaseka msanga. Mnzawo anakwera mlongoti ndi zoyezera, pamene iwo analowa mu situdiyo ndi fayilo m'khwapa. Anayang'ana mawaya, chozimira moto, ndi zitseko. A Silas ankawatsata pambuyo atavala jekete lija, akuwafotokozera mtengo wa chinthu chilichonse ngakhale sanafunsidwe.

Pomaliza a Harriet anaima pa thiransimita naikapo dzanja.

"Inu ndinu wapampando wa kampaniyi, bambo?"

"Ndine, madamu."

"Makinawa anayamba ayatsidwapo?"

"Awa? Ngakhale kutsokomola, madamu. Ali monga anachokera m'katoni. Funsani aliyense pamudzi pano."

A Kingsford anapezanso chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zawo. A Harriet anatembenukira kwa Olipa.

Olipa anamva maso a amalume ake akumutentha patsaya. Pakhomo panali mayi ake ndi azimayi ena amene anasiya malonda kudzaonerera.

"Anayatsidwa," anatero. "Lachisanu la masabata awiri apitawo, kuyambira 14:05 mpaka 14:52. Zili m'buku ili."

"Mwanayu watopa, madamu," anatero a Silas msangamsanga. "Maulendo a ku Lusaka awa. Kumeneko kunali kuyesa nyali chabe, mawu sanatuluke panja. Eti, Kingsford?"

A Kingsford asanatsegule pakamwa, panja panamveka belu la njinga ndi kulira kwa tambala.

"Odi! Odi kuno ku wailesi!"

Pakhomo panaima mkulu wina wamtali, fumbi lili mpaka m'mawondo, tambala wofiira ali m'manja, miyendo yomangidwa ndi luzi. Palibe amene ankam'dziwa.

"Ndine Phinias, wa kumidzi ya kuseri kwa Mpanshya," anatero akuwerama. "Ndanyamuka kusanache. Ndamva kuti lero kubwera akuluakulu a mawailesi, ndiye ndati ndisakhale chete ngati munthu wosayamika. Ali kuti bambo wa mawu aakulu uja?"

A Silas anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ndi amenewa, ndawazindikira kupuma kwake! Madamu, lembani. Ng'ombe yanga yolimira inasowa masiku anayi. Mwana wanga anasiya uthenga kusitolo kwa bambowa. Lachisanu lija anailengeza, nyanga yothyoka ndi banga la pamphumi, zonse. Dzuwa lisanalowe munthu anabwera kudzandiuza kumene ili. Wailesi iyi imamveka, madamu! Kwathu inamveka ngati munthu ali pakhonde. Wina asakunamizeni kuti ndi yofooka."

Anapereka tambalayo kwa a Silas ndi manja awiri. A Silas analandira, chifukwa mphatso sikanidwa, ndipo anaima pakati pa situdiyo atanyamula tambala, jekete la ku ukwati likudetsedwa ndi zikhadabo. Pakhomo wina anayamba kuseka nabisa nkhope m'chitenje.

A Harriet sanaseke. Anatsegula fayilo natulutsa pepala.

"Iyi ndi kalata ya mphwanuyu, bambo. Inafika ku ofesi kwathu m'mawa wa Lolemba lotsatira Lachisanu limenelo. Lolemba lomwelo masana kunafika dandaulo la wailesi ina, imene ili ndi laisensi pa nambala imene munatenga. Omvera ake a mbali ya kuno anali pakati pa pologalamu ya zaulimi, mwadzidzidzi anayamba kumva za apongozi a munthu wa pachigayo." Anayang'ana a Silas pamwamba pa magalasi. "Ndinakufunsani dala. Ndinafuna kudziwa kuti kampaniyi ili ndi pakamwa pangati."

Tambala anakupiza mapiko.

"Ndiye basi, madamu?" anafunsa Olipa. "Zatha?"

"Wogamula si ine. Ine ndilemba zimene ndaona ndi zimene ndamva, zonse, ndi za ng'ombe zomwe. Mlanduwu si waung'ono, usadzinamize." Anatulutsa waya wopyapyala m'chikwama, naukulunga pa swichi ya thiransimita, naumanga ndi kachidindo ka mtovu. "Aka kakaduka ine ndisanabwere, musadzavutikenso kulemba makalata."

Galimoto itapita, anthu anabalalika mwakachetechete. A Silas anatsika phiri okha, tambala ali m'khwapa.

Panapita mwezi, kenaka wina. Yankho silinabwere. A Silas sanayankhule ndi Olipa. Akakumana panjira ankayang'ana mitengo. Koma nyumba ija sanailande, ndipo makina sanawagulitse. Kumsewu nkhani inagawika pawiri. Ena ankati mtsikanayo waphetsa wailesi ndi pakamwa pake. Ena ankati pakanapanda kalata yake, bwenzi makinawo atapita pa galimoto yoyera tsiku lomwelo. A Prudence sanali mbali iliyonse. Iwo ankangofuna theka lotsala la dzina lawo.

Olipa ankakwera phiri m'mawa uliwonse. Ankasesa, kupukuta fumbi, kulemba m'buku, ndi kuyeserera kuwerenga nkhani patsogolo pa maikolofoni yozima. Tsiku lina mayi ake anam'peza akuwerengera makoma mitengo ya feteleza.

"Ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndikukonzeka, amayi."

"Nanga akakana?"

"Ndidzafunsiranso. Akakananso, ndidzafunsiranso. Adzatopa ndi iwo."

Mvula yoyamba inabwera masana ena mu Novembala, ndi mphepo yamphamvu. Olipa ali kumsewu anaona lata limodzi la denga la situdiyo likunyamuka ndi kugwa, kunyamuka ndi kugwa, pamwamba penipeni pa kona ya thiransimita. Anathamanga m'matope. Atafika anapeza makwerero atatsamira khoma, ndi amalume ake ali padenga, malaya atamatirira thupi, misomali ili kukamwa. M'kati, thiransimita inali itafunditsidwa tenti yatsopano ya kusitolo, kapepala ka mtengo wake kadakali pakona pake. Tentiyo inali itapindidwa mosamala kuti isakhudze kachidindo ka mtovu.

Olipa anagwira makwerero. A Silas anakhoma misomali itatu.

"Madamu uja anati kalata yako inafika m'mawa," anafuula kupyola phokoso la mvula.

"Inde, amalume."

"Dandaulo masana."

"Inde."

Anakhoma msomali wina, nauonjezera nyundo ziwiri zosafunika.

"Munthu uja wa thengo," anatero, "anabwera ndi mkazi ndi ana atatu pa ngolo. Anapeza chimanga changa chili m'mawondo." Anapukuta madzi kumaso ndi mkono. "Sindinafunsepo kumene anapita. Gwira bwino makwererowo."

Yankho linabwera Khrisimasi itayandikira. Bungwe linati kampaniyo ilipire chindapusa, idikire miyezi ina inayi makina ali omangidwa, ndipo isankhe wapampando wina. Zikachitika zimenezo, malo a wailesi yamalonda a m'bomalo adzakhala a Nthunzi FM. Olipa anawerenga kalatayo kawiri ali chiimire m'mbali mwa msewu, kenaka anapita nayo kusitolo. Anaiika pa kauntala, pafupi ndi sikelo ya misomali, nasiya dzanja lake pamwamba pake.

A Silas anafufuza m'kabati natulutsa magalasi amene Olipa sankadziwa kuti ali nawo. Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Kasitomala anadikira mpaka anatopa nachoka.

"Apa akuti ndichoke pampando."

"Akutero, amalume."

"Mpando wake unalinso wolimba," anatero akupinda kalatayo bwinobwino potsata mizere yake. "Chindapusacho n'changa. Ndinayatsa ndine."

A Harriet anabweranso mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Anadula waya uja ndi manja awo, napereka kwa Olipa pepala la laisensi yoyamba, yoyesera, lokhala ndi nambala ya Nthunzi FM, tsiku ndi ola loyambira. Panja pa situdiyo panali anthu ambiri kuposa a pa ukwati. Akwaya anali atavala yunifolomu. A Phinias anali atabweranso pa njinga, ulendo uno opanda tambala.

A Kingsford, atakonza nambala yatsopano pa makina, anatambasula dzanja kuti ayatse. Dzanja lina linawagwira pamkono.

"Dikira," anatero a Silas. Magalasi anali pamphuno, pepala lili m'manja. "Apa alemba kuti tiyambe 10 awazi."

"Kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi chabe, ba Silas."

"Ndiye si zathu mphindi zimenezo. Chotsa dzanja."

Panja anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anafuula kuti ayatse basi, dzuwa likutentha. A Silas anatulukira pakhomo nakweza pepalalo m'mwamba, ndipo panakhala bata. Mphindi zisanu ndi imodzi zimenezo phiri lonse linayang'ana wochi yapakhoma kudzera pazenera. A Harriet anavula magalasi nayamba kuwapukuta kwa nthawi yaitali, nkhope ataitembenuzira kukhoma.

Muvi wautali utafika pamwamba, a Silas anagwedeza mutu. Kanyali kofiira kanayaka.

Olipa anakoka mpando, nayandikira maikolofoni. Patsogolo pake panali nkhani za tsikulo, mitengo ya pamsika, ndi uthenga wa amalonda atatu oyamba. Zonsezo anazikankhira pambali, natenga pepala lakale lopindikapindika, la maina olembedwa ndi dzanja la amalume ake. Anatsitsa chala mpaka pamene linalekezera.

"Mwauka bwanji, anthu a ku Rufunsa. Ino ndi Nthunzi FM, ine ndine Olipa. Tisanayambe, pali moni umene unatsala panjira." Anapuma. "Moni kwa inu, ba Prudence a tomato, a pamsewu pa Chinyunyu."

Kuchokera pansi pa phiri, kumene mayi wa tomatoyo anakana kusiya thebulo lake ndi kawailesi ka sola, kunamveka nthungululu yaitali, imene inalowa pazenera n'kukwera nawo mumlengalenga.